Gulu lathu lagawanika pa soya ndi mtedza, tithandizeni

Abale anga alimi, ndithandizeni nzeru. Gulu lathu lili kuno ku Katete, ndipo tili ndi munda umodzi wa gulu. Chaka chino tcheyamani anati tidzale soya, tonse n'kungovomera. Gogo wina yekha anakana, nati: "Ana inu, mtedza ngakhale msika ukavuta mumasinja n'kutendera ndiwo. Soya mudzamudya bwanji?"

Kukana kwawoko kunatidzutsa. Anyamata awiri anakwera basi kupita ku Msekera, malo ofufuzira za ulimi ku Chipata, kukafunsa za mbewu, ena anayamba kumvetsera mitengo pa wailesi ya Breeze FM, zomwe sitinachitepo n'kale lonse. Koma pano aliyense akungotola nkhani zokomera mbali yake. Wa soya amabwera ndi mtengo wokwera wa pa WhatsApp, wa mtedza naye wake, wina osamva za mnzake. Ine ndemwe, kunena zoona, ndayamba kutero.

Kuvota pokweza manja sikuthandiza, azimayi ambiri amayamba ayang'ana dzanja la tcheyamani. Mvula ili pafupi, mbewu sitinagule.

Inu a m'magulu ena, mumatha bwanji zotere? Tivote mobisa, kuponya njere za chimanga m'chikho, kapena tingogawa mundawo pawiri?