Kodi magiredi ofooka a chaka choyamba angandilepheretse kuphunzira udokotala?

Moni nonse akuluakulu. Ndine mtsikana wa ku Ndirande, ndipo chaka chino ndikumaliza digiri ya sayansi. Mtima wanga wakhala uli pa udokotala kuyambira ndili ku sekondale, choncho ndikufuna kufunsira malo a MBBS, digiri ya udokotala, ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), ija inapangidwa m'chaka cha 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing.

Chikundisowetsa tulo ndi chaka changa choyamba. Ndinakhoza mopereŵera, Chemistry mpaka ndinachita kulembanso mayeso. Nthawi imeneyo amayi anali m'chipatala, ndipo wowadikirira ndinali ine ndekha. Usiku kugona pansi pambali pa bedi lawo, m'mawa kuthamangira m'kalasi maso ali psuu. Kumeneko n'kumenenso ndinatsimikiza kuti ntchito imeneyi ndikuifunadi. Amayi anachira, ndipo kuyambira chaka chachiwiri magiredi anga akhala akukwera.

Tsono inu amene munalowa mutamaliza kale digiri ina, ndithandizeni chonde. Kodi posankha amayang'ana zotsatira za zaka zonse, kapena zomalizira zokha? Nanga MSCE imawerengedwabe? Za matenda a amayizi, ndizitchule pofunsira malo, kapena zidzaoneka ngati ndikungofuna kumvetsa chisoni?