Za chithandizo cha fupa la mwana wathu

Mayi a mwana: Abale nonse, zotsatira za kachidutswa ka fupa kamene anatenga kukayeza zatuluka, ndipo madokotala atsimikiza kuti chotupa cha m'fupa la m'chiuno chija si khansa. Akuchitcha aneurysmal bone cyst, ndipo akuti chimagwira kwambiri ana ndi achinyamata osakwana zaka 20. M'kati mwake muli timatumba todzaza magazi tomwe tikufufumitsa fupa ndi kulifooketsa, n'chifukwa chake mwana wakhala akutsimphina.

Amalume: Mulungu atamandike, mlongo wanga. Nanga bwanji sakungomuchita opaleshoni n'kuchichotsa?

Mayi a mwana: Achimwene, akuti akangong'amba mmene chilili, mwana angataye magazi ambiri, choncho ayamba ndi chimene akuti embolization. Adzalowetsa kachubu kopyapyala mumtsempha wa m'mphechepeche, n'kumakakankha pang'onopang'ono uku akuyang'ana pa X-ray, mpaka kafike pa timitsempha tomwe tikudyetsa chotupacho, ndipo pamenepo adzathira timibulu ting'onoting'ono kapena guluu wachipatala kuti titsekeke. Zimenezi zichitika Lachiwiri, ndipo opaleshoni yopala fupa ndi Lachitatu, chifukwa akachedwa masiku ambiri magazi amapeza njira zina.

Azakhali: Alamu, ine kuno ku Blantyre mtima suli m'malo. Kodi akatseka mitsempha, mwendo sufa?

Amalume: Funso limenelo ndi lomveka, achemwali, ndipo tisalipeputse. Monga ndamvera, satseka mtsempha waukulu wopita kumwendo, amasankha nthambi zolowa m'chotupa zokha. Komabe ngozi ilipo ngati timibuluto titasochera n'kukatseka magazi opita kukhungu kapena ku minyewa, choncho mlongo wanga, mufunse dokotala zimenezi maso ndi maso musanasaine.

Mayi a mwana: Ndifunsa ndithu. Anenanso kuti ayamba amuyeza impso chifukwa cha mankhwala oonetsa mitsempha pa X-ray, kuti asadye kanthu kuyambira pakati pa usiku, ndiponso kuti akatuluka agone chagada kwa maola angapo osapinda mwendo, kuopa kuti pobooledwapo pangatuluke magazi. Kutentha thupi ndi ululu kwa masiku ochepa akuti zimachitika. Popeza ali ndi zaka 14, lamulo la kuno ku South Africa likufuna kuti nayenso avomereze yekha, ine ndikumuthandiza, ndiye ndikupempha kuti tisamubisire kanthu.

Bambo aang'ono: Alamu, ine ndapempha tchuthi ku ntchito. Ndidzanyamuka ku Rosettenville mbandakucha kudzakutengani ku Yeoville pa galimoto, chifukwa mwana wodwala m'chiuno sangapirire kugwedezeka kwa takisi.

Amalume: Zikomo kwambiri. Mayi akunyumba adzakhala ndi ana aang'ono aja mpaka Loweruka. Aliyense wa kuno ku Johannesburg asonkhe R300 ya petulo, chakudya ndi ndodo zoyendera, ndipo ndalamazo zindipeze pofika Lamlungu madzulo.

Azakhali: Yanga nditumiza mawa. Agogo ndikawafotokozera ndekha kumudzi, chifukwa akamva pa foni mawu akuti opaleshoni sadzagona.

Mayi a mwana: Muwauzenso kuti chotupa chotere nthawi zina chimabwerera, choncho mwana azipitabe kukajambulidwa ngakhale atachira, ndipo ulendo wa Disembala wobwera kumudzi udikira kaye mawu a dokotala.