Ma journal a Fomu 3 andikanika, thandizeni

Mphunzitsi wa ku Mufakose, ku Harare: Aphunzitsi anzanga moni nonse. Teremu ino ndinayambitsa zoti ana anga a Fomu 3 a Literature azilemba journal, kulembamo maganizo awo akawerenga buku lija la pa mayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso la Zimbabwe muno. Dzulo ndatolera makope 54 ndakhala nawo mpaka usiku magetsi atathima ndikuunikira ndi foni, abale inu anawa angokopera chidule cha mu study guide, ena mawu ake omwewo ndi polakwika pomwe pofanana. Ndingozisiya kapena?

Wa ku Highfield: Musasiye madamu. Vuto mukuwapatsa kuti akalembere kunyumba, kunyumbako kuli foni ya achimwene awo kuli ChatGPT. Anga amalembera mkalasi momwemo mphindi 10 zoyambirira, ndipo sindiwauza zoti "lemba zomwe ukumva" ayi, mwana wa zaka 15 ukamufunsa choncho amangoyang'ana kudenga. Ndimafunsa kuti mmutu tawerenga lerowu wanama ndani, nanga iwe ukanakhala iyeyo ukanayankha chani? Tsiku lina alembe kalata ngati iyeyo ndi munthu wa munkhani uja akulembera mayi ake. Zimenezo mu guide mulibe.

Wa ku Mabvuku: Ndipo cholembera chofiira chija chisiyeni kaye mchikwama. Mukangoyamba kuchonga galamala mwana amathawira ku guide poti kumeneko Chingerezi chake nchosalakwika. Ine ndimawalola ayambe mChishona, ena amalemba Chichewa cha kwa agogo awo chomwe chasakanikirana kale ndi Chishona chija, ndimaseka ndekha, kenako atembenuze ziganizo ziwiri zitatu. Pansi pake ndimangoyankha kamzere kamodzi, funso basi.

Wa ku Mufakose: Koma ahedi akufuna mamalikisi achimwene, mwaiwala mmene tinavutikira ndi CALA, ntchito zopatsa ana zija zoti malikisi ake azilowa pa mayeso, kuyambira 2021 muja?

Wa ku Highfield: Sindinaiwale kkkk. Perekani malikisi pa masiku omwe walemba, ndiye kumapeto kwa teremu asankhe yekha tsamba limodzi alikonze likhale essay, limenelo ndiye muchonge ndi mtima wonse. Makopenso musamanyamule onse mu kombi, 10 pa sabata akwana.

Wa ku Mabvuku: Auziretuni tsiku loyamba kuti inu mumawerenga. Akazolowera wina adzalemba zolemera za kunyumba, zomenyedwa kapena zoposa apo, ine zinandigwera chaka chatha. Musazisunge nokha, kaonaneni ndi a Guidance and Counselling tsiku lomwelo, komanso nambala 116 ya Childline, bungwe lothandiza ana, aliyense ailembe mkati mwa chikuto.

Wa ku Mufakose: Zikomo, Lolemba ndiyamba ndi kalata ija. Koma ena kope lake ndi limodzi lomwelo muli History muli Shona, nditolera bwanji?

Wa ku Highfield: Ana awiri agule kope limodzi la masamba 32, alidule pakati ndi lumo.