Ndikufuna kukumba dziwe losambiramo kuseri kwa nyumba ku Salima, ndithandizeni nzeru

Mphunzitsi wopuma, Salima

Moni nonse. Ndine bambo wazaka 62, ndinapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo ndimakhala ndi mayi akunyumba m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay. Kuseri kwa nyumba yathu kuli malo okwana mamita 20 m'litali ndi 15 m'lifupi. Pali mtengo umodzi wa mango, kachere wamkulu pakona ya mpanda, ndi mjigo umene tinauika pampu yokweza madzi m'thanki.

Amene anakhalako ku Salima mu Okutobala akudziwa mmene kumatenthera. Usiku timayala mphasa pakhonde chifukwa m'nyumba simugoneka. Zidzukulu zanga zinayi zimabwera kuchokera ku Lilongwe patchuthi chilichonse, ndipo zikangotsika galimoto nyimbo yake ndi imodzi: agogo, tipite kunyanja. Chaka chatha mmodzi mwa iwo, mnyamata wazaka 9, atabwerera kwawo anayamba kukodza magazi. Kuchipatala anati ndi likodzo. Anamwa mankhwala ndipo anachira, koma mtima wanga sunakhazikike mpaka lero, chifukwa amene ndinamutengera kumadziko ndine.

Mwana wanga wamkulu wati athandiza ndalama kuti tikumbe dziwe losambiramo pakhomo pompano. Ndikuganiza la mamita 8 kwa 4. Ndikufunanso mitengo ija imene timaiona m'malo ogona alendo kunyanja, migwalangwa yoongoka bwino, kuti madzulo tizikhala pansi pake ine ndi mayi, ana akusambira.

Zimene zikundivutitsa ndi izi. Dothi la kuseriko ndi lakuda, lomata, m'chilimwe limang'ambika moti dzanja limalowa. Madzi a mjigo amasiya dzimbiri lofiira pansi pa ndowa akagona. Magetsi nawo kuno amazimazima. Ndipo za mitengoyo sindidziwa kuti ndiyambire pati. Amene munamangapo kapena kusamalirapo dziwe lotere, musandibisire kanthu chonde.

Mmisiri wa zomangamanga, Blantyre

Aphunzitsi, dothi mukunenalo ndi makande, ndipo ndiyambira pomwepo chifukwa ndi limene lingakudyereni ndalama zonse. Makande amafufuma akamwa madzi, n'kufota akauma. Chaka ndi chaka amakankha khoma n'kulisiya, amakankha n'kulisiya. Dziwe la njerwa ndi pulasitala chabe silimatha dzinja ziwiri pamenepo lisanachite ming'alu.

Musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, dikirani mvula ikhazikike, cha mu Febuluwale. Kumbani dzenje lakuya mamita awiri pamalo enieni pamene mukufuna dziwelo, mulivindikire ndi malata ndi miyala kuti mwana kapena mbuzi isagweremo. Muzikalisuzumira m'mawa uliwonse kwa sabata. Mukapeza madzi akutumphuka kuchokera pansi, dziwani kuti madzi apansi ali pafupi, zimene sizachilendo kumadera a kunyanja. Dziwe lopanda madzi pamalo otero limakhala ngati bwato. Ndinaitanidwapo kukaona lina limene mwini wake analipopa lonse m'dzinja kuti alipente. Patatha masiku ochepa mbali imodzi inali itatukuka, mapaipi onse apansi atathyoka. Panalibe chokonza, tinaligumula.

Choncho pansi pafunika kuchotsa makandewo, kuthira miyala ndi kutsendera bwino, kenako konkire yokhala ndi zitsulo zolukana pansi ndi m'makoma momwe, Y10 kapena Y12 (zonenepa mamilimita 10 kapena 12) malinga ndi mmene injiniya angawerengere. Lipirani injiniya adzaone malowo, musangodalira ife amisiri. Konkire yapansi ithiridwe tsiku limodzi osadukiza, ndipo izithiriridwa madzi masiku osachepera 7. Muuzenso womangayo aike valavu yapansi imene imalola madzi a m'nthaka kulowa m'dziwe akachuluka mphamvu.

Kachere uja ali patali bwanji? Mizu yake imalondola chinyezi kutali kwambiri ndipo imanenepa. Ndaonapo ikutukula khonde la simenti.

Wa ku Joni

Madala, ine ndagwira ntchito ya m'munda zaka 11, poyamba ku Johannesburg, tsopano ku Cape Town, ndipo nyumba iliyonse imene ndagwirako inali ndi pool, dziwe losambiramo. Kumanga ndi kwa miyezi iwiri. Kusamala ndi kwa tsiku lililonse, ndipo ndi kumene ndikufuna ndikuuzeni.

Tiyambe ndi madzi. Mamita 8 kwa 4, kuya kwake tikati kuyambira mita imodzi mpaka 1.8, ndiye malita pafupifupi 45,000. Ndi migolo ya malita 200 yokwana 225. Kodi mjigo wanu ungapereke madzi amenewo n'kutsalako akumwa? Komanso sikuti mukadzaza mwathana nazo. Pa dziwe la msinkhu umenewo, madzi akatsika sentimita imodzi yokha mwataya malita 320. Kuno nthawi yotentha ndimaona akutsika masentimita atatu kapena kuposa pa sabata, ndipo kwanuko dzuwa lake ndi loposa la kuno. Mu 2018, chilala chitavuta ku Cape Town, anatilamula kuti munthu mmodzi asapitirire malita 50 patsiku, ndipo kuthira madzi a mumpope mu pool kunali koletsedwa. Amene anali ndi chovindikira pamwamba ndi amene madzi awo anakhalitsa. Gulani chovindikira.

Dzimbiri la m'ndowa lija musalipeputse. Ndi chitsulo chosungunuka m'madzi. Mukathira klorini m'madzi otero, dziwe lonse limasanduka ngati tiyi wopanda mkaka pasanathe ola, ndipo makoma amathimbirira. Tengani madziwo mukawayezetse kaye. Kapena yesani nokha: tungani ndowa yoyera, thiranimo kachidutswa ka klorini wa HTH, muone mtundu wake mawa. Akasintha, madzi azidutsa kaye m'thanki kuti dzimbirilo lidikhe pansi ndi kusefedwa asanalowe m'dziwe.

Pampu yoyendetsa madzi a m'dziwe, ya 0.75 kW, ikamayenda maola 8 patsiku imadya mayunitsi a magetsi 6, pamwezi 180. Ikaima masiku awiri kapena atatu kukutentha, madzi amayamba kuchita mbuu, kenako ndere, n'kubiriwira ngati dambo. Ndiye popeza magetsi kwanuko ndi osadalirika, ikani pampu yoyendera sola. Dzuwa likamawala kwambiri ndi nthawi yomweyo imene madzi amafuna kuyenda.

Ntchito yanga m'mawa uliwonse ndi iyi: kuwola masamba ndi kaukonde, kukhuthula kabasiketi ka pampu, kuona ngati Kreepy Krauly, makina oyamwa zinyalala pansi pa dziwe, sinatsamwe. Kawiri pasabata ndimayeza madzi ndi timadontho, pH (muyeso wa asidi m'madzi) ikhale pakati pa 7.2 ndi 7.6, klorini pakati pa 1 ndi 3. Klorini ndimathira madzulo chifukwa dzuwa limamudya. Kamodzi pasabata ndimatsuka fyuluta ya mchenga pobweza madzi chambuyo. Asidi wotsitsira pH ndi klorini osazisunga pamodzi, osazisakaniza, ndipo zizikhala kokhoma. Funsani kaye kuti mankhwalawa muzikawagula kuti, chifukwa ngati ndi ku Lilongwe, ulendowo muuwerengerenso.

Mayi wa nazale, Lilongwe

Bambo, ine ndiyankhe za mitengo, ndiyo ntchito imene imandidyetsa. Mwasankha bwino mtundu wake. Mizu ya migwalangwa ndi yaing'onoing'ono ngati zingwe, yambiri, koma sinenepa chaka ndi chaka ngati ya kachere kapena mkuyu. N'chifukwa chake anthu amaibzala pafupi ndi madzi osambira. Komabe siyani mamita awiri kapena atatu kuchokera pakhoma la dziwe, ndipo musabzale pamwamba pa mapaipi.

Koma si yonse imene ndingakupatseni. Kokonati amakula bwino kunyanja, mumamuona ku Nkhotakota ndi ku Karonga, koma chipatso chake chikagwa kuchokera pamwamba mwana ali pansi ndi ngozi yaikulu. Mvumo chimodzimodzi, zipatso zake ndi zolemera, komanso umakula mochedwa kwambiri moti mthunzi wake adzaukhalira ndi zidzukulutuvi. Mgwalangwa weniweni wakwathu, umene masamba ake timalukira zinthu za mlaza, sukonda kuzulidwa n'kuokedwa, ambiri amafa. Kanjedza, yemwe uja timanyamula Lamulungu la Kanjedza, ndi wokongola ndipo ndi wathuwathu, koma kutsinde kwa masamba ake kuli minga yaitali yolimba. Mwana wothamanga wopanda nsapato ingamulase koopsa. Ngati mukumufuna, akhale kumpanda, kutali.

Yoongoka imene munaiona m'malo ogona alendo, ya thunthu losalala lotuwa ngati chipilala cha simenti ndi khosi lobiriwira, ndi royal palm, kwawo ndi ku Cuba. Imakonda kutentha ndi madzi, ku Salima ingasangalale. Vuto lake ndi lakuti ikatalika imagwetsa yokha tsamba lonse lathunthu, lolemera moti lingathyole mpando. Ibzaleni iwiri kapena itatu kumbuyo, kumene anthu sakhalako. Queen palm ndimagulitsa, koma pafupi ndi dziwe sindilimbikitsa: imagwetsa tizipatso tachikasu tambirimbiri, mileme imabwera usiku, m'mawa mupeza zitosi m'madzi.

Pafupi ndi pokhala panu ikani golden cane, yochokera ku Madagascar. Imaphuka mapesi ambiri pamodzi ngati nsungwi, sitalika mopitirira, ilibe minga, ndipo imatchinga bwino maso a anthu odutsa. Ikadali yaing'ono dzuwa la masana limaiwaula masamba, ndiye muiike kumene mthunzi wa mango umafikako masana. Bzalani mvula ikayamba, mu Disembala. Pa makande musakumbe dzenje lakuya n'kuthiramo mchenga, limasanduka mphika wosunga madzi, mizu n'kuola. Unjikani kachulu ka dothi losakaniza ndi manyowa owola bwino, mubzale pamwamba pake. Madzi otsukira fyuluta asamathirire mitengoyi, ali ndi mankhwala.

Onaninso kumene mwera umachokera. Mtengo uliwonse umene uli mbali imeneyo, masamba ake onse adzathera m'dziwe mu Juni ndi Julayi. Mango anu aja akamachita maluwa mudzaona.

Namwino, Zomba

Bambo, pepani ndilowererepo ndi mawu olemera. Mukuthawa likodzo, ndipo ndikumvetsa. Koma likodzo lili ndi mankhwala. Ndagwira ntchito ku wodi ya ana zaka zambiri, ndipo ndinalandirapo mwana wazaka ziwiri amene anagwera m'dziwe la pakhomo tsiku la phwando, akuluakulu oposa khumi ali pakhonde pomwepo. Palibe anamva kanthu. Mwana akamamira sakuwa, sakupiza madzi, amangolowa chete. Mayi ake anabwera atamukulunga m'chitenje chonyowa, ndipo sitinathe kumudzutsa.

Mwati zidzukulu zinayi. Wamng'ono ali ndi zaka zingati? Nanga ana a oyandikana nawo, amene adzamva phokoso la anzawo n'kukwera mpanda inu muli kutchalitchi? Dziwelo likhale ndi mpanda wakewake kuzungulira mbali zonse, wosachepera mamita 1.2, wopanda popondera, mipata yake yoti mutu wa mwana sungalowe, ndi geti lodzitseka lokha lokhala ndi loko pamwamba. Chovindikira chimene anena achimwene a ku Joni chimasunga madzi, koma chopyapyala chija sichiteteza mwana, amatha kulowa kunsi kwake osaoneka. Ana akamasambira, munthu wamkulu mmodzi akhale woyang'ana basi, foni ili m'thumba. Inu ndi mayi mupite mukaphunzire kutsitsimutsa munthu womira. Ndipo tsiku limene mudzatope nalo dziwelo, musadzalisiye ndi madzi obiriwira. Salima ndi kwa malungo kale, musawonjezere udzudzu pakhomo.

Mphunzitsi wopuma, Salima

Zikomo nonse. Ndawerenga mokweza kuti mayi akunyumba amve, ndipo titafika pa mawu a anamwino tonse tinakhala chete nthawi yaitali. Wamng'ono ali ndi zaka zitatu, ndi mtsikana, ndipo sakhala pansi. Mpanda sunali m'mawerengero anga n'komwe. Tsopano ndaulemba pamwamba pa pepala, ndipo ndamuuza mwana wanga pafoni kuti madzi sadzalowa m'dziwemo geti lisanayambe kudzitseka.

Amisiri, ndayeza ndi tepi: kachere ali pa mamita 9 kuchokera pamene ndimafuna kukumba. Kumudula sindingathe, anabzala ndi malemu bambo anga. Ndasuntha zikhomo kupita mbali ya kukhitchini, pamene pakhala mamita 14, komanso mayi aziona dziwelo ali pawindo.

Achimwene a ku Joni, ndinachita za ndowa zija dzulo madzulo. M'mawa uno madzi anali ofiirira, pansi pali matope ngati a njerwa. Mukanapanda kunena ndikanadzaona zimenezi m'malita 45,000. Ndachepetsanso kukula kwake, likhale mamita 6 kwa 3, kuya mamita 1.2 paliponse. Ndawerengera kuti ndi malita 21,600, osakwana theka la poyamba, ndipo munthu wamkulu angaime paliponse n'kunyamula mwana.

Dzenje loyesera ndikumba mu Febuluwale. Mitengo yokha sindidikira. Mayi a nazale, golden cane zisanu ndi royal palm ziwiri ndikufuna ndibzale Disembala yemweyu, kumbali imene makina ndi mawilibala sadzadutsa. Ndigule zamsinkhu wanji kuti zipirire ulendo wochokera ku Lilongwe pa galimoto yapabwalo?

Mayi wa nazale, Lilongwe

Tengani zofika m'chiuno, zimene zakhala m'machubu miyezi ingapo, osati zongozulidwa kumene. Zimagwira msanga kuposa zazikulu. Muzithirire usiku woti mawa ulendo, mumange masamba pamodzi ndi luzi, muzigoneke mitu italoza kumbuyo kwa galimoto ndi kuzifunditsa masaka onyowa kuti mphepo isaziwaule. Nyamukani m'mamawa kusanatenthe, ndipo mukafika zikhale pansi pa mango masiku atatu musanazibzale.