Wodwala shuga akumwa timibulu ta ku India, magazi (Hb) akungotsika

Clinical officer: Anzanga, ndigawireni nzeru. Ndili ndi bambo wina wa shuga, mwezi wachiwiri uno m'mimba mukumupota, akudzimbidwa, Hb yafika 8. Malungo ayi, njoka za m'mimba ayi, magazi sakutaya paliponse. Lero mayi akunyumba kwake atulutsa m'chikwama kabotolo ka timibulu totuwa, akuti mnzawo wa bizinesi anawabweretsera kuchokera ku India. Pa kapepala palembedwa Naga bhasma ndi Vanga bhasma. Kodi izi ndi zitsamba?

Wa ku famase: Ayi akulu, si zitsamba. Naga ndi mtovu, vanga ndi tini. Bhasma ndi phulusa la zitsulo. Mu Ayurveda, chipatala cha makolo cha ku India, muli nthambi yakale yotchedwa rasa shastra, imene imagwiritsa ntchito golide, mkuwa, chitsulo, mtovu ndi mercury. Chitsulocho amachiwotcha mpaka kufiira n'kuchiviika mu mafuta a chitowe, mkaka wosasa kapena mkodzo wa ng'ombe, amati kuchiyeretsa. Kenako amachipera pamodzi ndi madzi a zitsamba, n'kuchitsekera m'timbale tadothi, n'kuchiwotcha m'dzenje la ndowe zouma mobwerezabwereza. Akafuna kudziwa ngati chapsa, amathira phulusalo pamadzi kuti liyandame, kapena kulitikita pakati pa zala kuti lilowe m'mizere ya khungu. Ndi luso ndithu, sindilinyoza. Koma moto susandutsa mtovu kukhala chinthu china. Pa kafukufuku amene anatuluka mu 2004, madokotala a ku Boston ku America anayeza mankhwala 70 a Ayurveda ogulitsidwa m'masitolo kumeneko, ndipo 14 anapezeka ndi mtovu, mercury kapena arsenic.

Wa ku labu: Tumizani magazi tipange film, tiwaone pa maikulosikopu. Ngati ndi mtovu, nthawi zambiri maselo ofiira amaoneka ndi timadontho tabuluu, basophilic stippling. Komatu kutsimikiza kwenikweni ndi blood lead level, kuyeza kuchuluka kwa mtovu m'magazi.

Dokotala: Asiye kumwa lero lomwe. Mukweze mlomo muone nkhama, ngati ndi mtovu, m'mphepete mwa mano mumatha kukhala kamzere kabuluu. Auzeni atambasule manja, muone ngati dzanja likugwa pamkono. Creatinine, yoyezera impso, musaiwale. Ndipo chonde musangowapatsa ferrous, mankhwala oonjezera magazi aja, n'kuwatulutsa. Za chelation, mankhwala ochotsa mtovu m'thupi monga succimer, tikambe titaona kuchuluka kwa mtovu m'magazi.

Namwino: Koma polankhula nawo mufatse. Mukawakalipira, timibuluto azikamwera kuseri, ndipo ife sitidzamvanso. Funsaninso ngati ana kapena mayi woyembekezera pakhomopo analawako.

Clinical officer: Zikomo nonse. Kamzere kalipo pa nkhama za m'munsi. Mayiwo avomera kusiya kabotolo kuno, ndipo akuti mlamu wawo nayenso akumwa omwewo.

Wa ku famase: Ameneyonso abwere. Kabotoloko musataye, mujambule kapepala mbali zonse, tilembe lipoti ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala m'Malawi. Fomu ndikubweretserani mawa m'mawa.