Amayi a ku Iran alimba mtima chonchi, nanga ulamuliro wa akuluakulu achipembedzo bwanji sukusunthika?

Nachisale:
Akuluakulu, ndithandizeni kumvetsa. Mahsa Jina Amini, mtsikana wa zaka 22, adamwalira pa 16 Sepitembala 2022, patangopita masiku atatu apolisi oona za kavalidwe atamugwira ku Tehran ponena kuti sadavale bwino mpango wa kumutu. Anthu adadzaza m'misewu akufuula kuti "Mayi, Moyo, Ufulu", akufuna boma losankhidwa ndi anthu, chipembedzo pachokha, ndale pazokha. Komatu ku Iran zisankho zimachitika. Bwanji osangovotera anthu awo? Nanga gululi akulitsogolera ndani?

Kamtedza:
Mayi Nachisale, voti ilipodi, koma chitseko chimakhala chokhoma voti isanaponyedwe. Malamulo aakulu a 1979 adaika pamwamba pa zonse Mtsogoleri Wamkulu, yemwe ayenera kukhala katswiri wa malamulo a Chisilamu. Woyamba adali Khomeini, ndipo Ali Khamenei adalowa mu 1989. Asilikali, makhoti ndi wailesi ya boma zonse zili m'manja mwa mpando umenewu, osati mwa pulezidenti.

Tsono pali bungwe la anthu 12 lotchedwa Guardian Council. Asanu ndi mmodzi amawasankha Mtsogoleri Wamkulu yekha. Enawo amawatchula mkulu wa makhoti, yemwenso adaikidwa ndi Mtsogoleri yemweyo, aphungu n'kungovomereza. Bungweli limasefa aliyense wofuna upulezidenti kapena umodzi mwa mipando 290 ya nyumba ya malamulo, ndipo likhoza kukana lamulo lililonse aphungu atalidutsitsa kale. Palibe mayi yemwe lidamulolapo kupikisana pa upulezidenti. Ngakhale akulu 88 omwe pa pepala ali ndi mphamvu yochotsa Mtsogoleri amadutsa m'sefa yomweyo. Mukuona mmene chingwechi chazungulirira?

Kusintha malamulo aakuluwo nakonso n'kovuta: gawo 177 limati zoti dzikolo ndi lachisilamu sizingasinthidwe, ndipo ntchito yokonzanso malamulowo amaiyambitsa ndi Mtsogoleri mwini. Omwe adayesa njira ya voti tidawaona mu 2009. Mir Hossein Mousavi, yemwe adapikisana pa upulezidenti chaka chimenecho n'kukana zotsatira zake, ndi mkazi wake Zahra Rahnavard adatsekeredwa m'nyumba mwawo mu Febuluwale 2011. N'chifukwa chake ambiri adasiya kuvota: pa chisankho cha aphungu cha 2024 boma lenilenilo lidati adavota ndi anthu pafupifupi 41 pa 100 alionse.

Nangozo:
Ndiwonjezere mbali ya amayi, chifukwa ena amayesa nkhani ndi mpango wokha. Mpangowo ndi khomo chabe. Mwana wamkazi amalandira theka la chuma chamasiye chimene mlongo wake walandira. Mayi wapabanja satenga pasipoti popanda chilolezo cha mwamuna wake. Mwamuna amathetsa ukwati mosavuta, pomwe mkazi ayenera kukatsimikizira khoti zifukwa zake. Mtsikana akhoza kukwatiwa ali ndi zaka 13, ngakhale zocheperapo bambo ake ndi khoti akalola. Shirin Ebadi adali woweruza, adamuchotsa pa mpando chifukwa ndi mkazi.

Ndipo amayiwa sadayambe dzulo. Pa 8 Malichi 1979, boma latsopano lisanathe n'komwe mwezi, adaguba ku Tehran kukana lamulo la mpango. Mu 2006 adayamba kusonkhanitsa masiginecha miliyoni imodzi khomo ndi khomo, akufotokozera amayi anzawo malamulo ndatchulawa, ambiri adamangidwa. Mu Disembala 2017 Vida Movahed adakwera pa bokosi la magetsi mu msewu wa Enghelab, n'kukweza mpango wake woyera pa ndodo.

Apa ndisiyana pang'ono ndi a Kamtedza. Kunena kuti palibe chasunthika si zoona. Gawo 638 la malamulo a milandu limapereka chilango cha masiku 10 mpaka miyezi iwiri m'ndende, kapena chindapusa, kwa mayi wosavala mpango. Koma amayi zikwizikwi akayenda chosafunda tsiku ndi tsiku, mumanga angati? Boma lidatembenukira ku makamera, mauthenga a pafoni, kulanda magalimoto ndi kutseka mashopu olandira amayi oterewa. Lamulo lokhwima kwambiri lomwe aphungu adadutsitsa lidaimitsidwa mu Disembala 2024 lisanayambe kugwira ntchito. Chimenecho adachipeza ndi amayi, osati voti.

Nachisale:
Zikomo nonse awiri. Koma funso la mtsogoleri lija silinayankhidwe.

Chimphonda:
Pamenepo ndi pomwe pali bala, mayi. M'dzikomo aliyense wotukula mutu amamangidwa. Narges Mohammadi, womenyera ufulu wa anthu, adapatsidwa mphoto ya Nobel mu 2023 ali m'ndende ya Evin. Kusowa mtsogoleri kumateteza gulu, poti palibe mutu woti audule, koma palibenso woti anene kuti mawa tonse tisapite kuntchito. Shah, mfumu ya Iran, adagwa mu 1979 ogwira ntchito za mafuta atanyanyala kwa miyezi, ndalama za boma n'kuuma, asilikali n'kulengeza kuti sakhala mbali iliyonse. Mu 2022 mashopu adatseka kwa masiku angapo, makamaka m'madera a Akurdi, koma mafuta sadaime, ndipo asilikali oteteza ulamulirowu, a Revolutionary Guards ndi a Basij, sadagawikane. Boma lidatseka intaneti, lidawombera anthu ku Zahedan pa 30 Sepitembala, kenako lidanyonga Mohsen Shekari, mmodzi mwa ochita ziwonetsero, pa 8 Disembala pa mlandu wa "kulimbana ndi Mulungu".

Otsutsa boma okhala kunja nawo sakhala pa mphasa imodzi. Reza Pahlavi, mwana wa Shah, ali ndi omutsatira, koma ena sadaiwale nkhanza za SAVAK, apolisi achinsinsi a bambo ake. Gulu la MEK la Maryam Rajavi lili ndi dongosolo lolimba ndipo limalonjeza kulekanitsa chipembedzo ndi boma, koma ambiri m'dzikomo sadalikhululukire pogwirizana ndi Saddam Hussein pa nkhondo ya m'ma 1980. Zipani za Akurdi zikufuna kuti zigawo zizidzilamulira, zomwe otsatira ufumu amaziona ngati kung'amba dziko. Mgwirizano womwe anthu otchuka adalengeza ku Washington mu Febuluwale 2023 udayamba kugumuka pofika Epulo.

Ine ndimaika mtima kwambiri pa chikalata cha mfundo 12 chomwe mabungwe 20 a aphunzitsi, ogwira ntchito, ophunzira ndi amayi adatulutsa m'dziko momwemo mwezi womwewo wa Febuluwale. Adafuna kumasula akaidi andale, kuthetsa chilango cha imfa, kufanana kwa amayi ndi abambo pa malamulo, ndi kuti chipembedzo chikhale nkhani ya munthu payekha. Amenewo ndiwo angathe kuimitsa sukulu ndi fakitale, ndipo ndiwo amakagona ku Evin akatero.