Hiace yanga yakana kulira, makaniko akuti ndi pampu. Ndithandizeni maganizo

Moni nonse a pagulu pano. Amene mumadziwa za injini za dizilo ndithandizeniko ndisanataye ndalama.

Ndili ndi Toyota Hiace ya 1996, injini ya 3L, yomwe ndimanyamulira usipa wouma kuchoka ku Makawa ndi Monkey Bay kupita nawo ku Limbe. Vutoli linayamba pang'onopang'ono. Ikagona usiku, m'mawa imavuta kulira, ndipo ikalira imayamba yanjenjemera ngati izima, kenako n'kukhazikika. Ikatero tsiku lonse ilibe vuto, kiyi kamodzi basi yalira. Tsopano yakaniratu. Sitata ikuzungulira mwamphamvu, batire ndi yachaka chino, mafuta alimo opitirira theka. Anyamata akankha mpaka thukuta, ayi ndithu. Ili pakhomo kuno kwa Mponda, matumba a nsomba akundidikira kunyanja.

Makaniko amene anabwera anangomvetsera n'kunena kuti pampu ya dizilo yatha, tiichotse ipite ku Blantyre. Mwina akunena zoona, koma sanagwire ngakhale sipanala. Kodi palibe choti n'kuyang'ana kaye tisanafike kumeneko?

Dalaivala wa minibasi za ku Namwera: Achimwene yang'anani ma terminal a batire ndi waya wa earth. Batire yatsopano imathanso kunamiza ngati mitu yachita zoyera zija.

Wina: Galimoto ya 1996 bwana? Imeneyo ikufuna penshoni, osati makaniko.

Mayi wogulitsa nsomba: Inu musanyoze, zakalezi ndi zomwe zimatifikitsira katundu ku Makanjira nthawi ya mvula. Zanu zamakompyutazo zimathera pa Malindi.

Makaniko wa ku Liwonde: Bambo, pampu musaikhudze kaye. Pampu ya 3L siifa chisawawa, ndipo ikamatha imavuta kwambiri injini ikatentha, pomwe yanuyi imavuta ikagona. Pamenepo pali kale nkhani. Ndiyankheni funso ili: pamene wina akuliza sitata, inu mutaima kumbuyo, ku ekizozi kukutuluka utsi? Ngati ukutuluka utsi woyera wonunkha dizilo, mafuta akufika koma sakuyaka, ndiye tiyang'ane ma heater plug (mapulagi otenthetsa mkati mwa injini isanalire) kapena compression (mphamvu yopanikiza mpweya mu injini). Ngati kulibe utsi ngakhale pang'ono, mafuta sakufika, ndipo ma heater alibe mlandu. Komanso musalize sitata kupitirira masekondi 15, muziipumitsa, mungaotche sitata n'kuwonjezera vuto lina.

Wofunsa: Ndayesa pompano akulu. Kulibe utsi, olo fungo.

Dalaivala wa ku Namwera: Ine ndikanati ma heater. Kuno kumtunda mwezi wa June yanga inkachita zomwezo, awiri mwa anayi aja anali atapsa.

Makaniko wa ku Liwonde: Kwanuko kumazizira, n'zoona, ndipo 3L yokalamba imafuna ma heater ngakhale ku Mangochi boma kotenthako. Koma ma heater akapsa utsi umatulukabe. Awa akuti kulibe.

Ndiye bambo, tukulani mpando, injini ionekere. Pa pampu pali solenoid, kachitsulo kokhala ndi waya mmodzi, ndi komwe kamatsegulira ndi kutseka mafuta. Ikani chala pamenepo, wina atembenuze kiyi kufika pa ON. Muyenera kumva kuti "tiki". Kakapanda kutero, yezani ngati pawayapo pakufika 12V, onaninso ma fuse. Waya umenewu umathetheka ndi ukalamba, makoswenso amaukonda, makamaka galimoto yonyamula nsomba ngati yanuyi.

Kakalira, pitani pa filter ya mafuta. Pamwamba pake pali kabatani kopopera ndi dzanja. Popani. Zinthu zikakhala bwino kamalimba msanga. Kakamangolowa fwefwefwe osalimba, kapena kalimba koma pakapita mphindi zochepa kafewanso, ndiye kuti penapake pakulowa mpweya ndipo usiku mafuta amabwerera ku thanki. Malo otere nthawi zambiri sadontha dizilo, chifukwa mbali imeneyo pampu imayamwa, sikankha. N'chifukwa chake anthu amayang'ana pansi, osaona dontho, n'kumati mapaipi ali bwino.

Wina wa ku Balaka: Thirani mankhwala a udzudzu opopera aja ku air cleaner, ilira yokha. Ife timatero.

Makaniko wa ku Liwonde: Chonde musatero. Zimenezo zikakumana ndi heater plug yofiira zimaphulika nthawi yake isanakwane, mutha kuthyola ma ring kapena kung'alula head. Ndipo ikalira kwa masekondi awiri mwaphunzirapo chiyani?

Mwini malole wa ku Monkey Bay: Funso langa ndi lakuti dizilo mumathira kuti? Nthawi ya kusowa kwa mafuta tonse tinagulako wa m'zigubu, ndipo wina amakhala ndi madzi kapena parafini. Pansi pa filter pali kokhetsera madzi. Masulani, mukhetsere m'botolo loonekera mkati, madzi amakhala pansi dizilo pamwamba. Timing belt nayonso munasintha liti? Pa injini zimenezi ndi makilomita 100,000, ndipo ikaduka pampu siizungulira, utsi sungatuluke. Tsegulani chivindikiro chapamwamba muone ngati lamba ali wathunthu ndipo akuyenda.

Wofunsa: Lamba ali bwino, akuzungulira. Solenoid ikulira tiki. M'botolo mwatuluka timadzi pang'ono ndi zinyalala zofiirira. Koma kabatani kaja ndapopa mpaka chala kuwawa, sikakulimba.

Makaniko wa ku Liwonde: Basi tayandikira. Tengani chigubu choyera cha malita 5 ndi dizilo wabwino wosefa pansalu. Chotsani paipi yolowa ku pampu, muikepo ina yochokera m'chigubumo, chigubucho chikhale pamwamba kuposa injini. Masulani pang'ono manati a mapaipi pa ma injector, sipanala 17, mulize mpaka thovu lithe pazituluka dizilo yekhayekha, kenako mangani. Manja akhale kutali pamene wina akuliza, dizilo wa pamenepo amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu. Ikalira ndi chigubu, pampu yanu ndi yamoyo.

Wofunsa: Akuluakulu, yalira! Inayamba yatsokomola, utsi tolo, kenako n'kukhazikika. Titabwezera mapaipi tinaika kapaipi koonekera mkati pakati pa filter ndi pampu, thovu likungodutsa ngati mikanda. Tikaika kapaipiko filter isanafike, thovu kulibe. Ndiye ndi mutu wa filter womwewo, pomwe pali kabatani kaja. Ndigule wakale wa pa sikirapu kapena watsopano?

Makaniko wa ku Liwonde: Watsopano. Chimene chatha ndi labala ya mkati mwa kabatani, ndipo wa pa sikirapu ali ndi zaka zofanana ndi wanuyo. Mugulenso filter yatsopano ndi ma clamp, paipi yolimba ngati mtengo muisinthe. Zofiirira zija ndi dzimbiri la m'thanki, mukapeza mpata muitsitse muitsuke, apo ayi filter yatsopanoyo itsekeka msanga.

Mwini malole wa ku Monkey Bay: Ndipo musanyamuke ndi chigubu chili pampando mpaka ku Limbe, ndikukudziwani anthu a usipa inu.

Wofunsa: Ayi bwana, mawa ndikwera ya m'mamawa ndikayang'ane mutuwo. Wakalewu ndiutenga m'jumbo kuti asandipatse wa injini ina.